Bambo Ake a Mwanayo Anali Panja

ZOKAMBIRANA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA MAKOLO, SUKULU YA MKAKA

Tsiku: Loweruka, 9 Marichi
Malo: Kalasi ya ana a zaka zinayi, pa timipando ta anawo, poti makiyi a ofesi anapita ndi alonda
Nthawi: 2:40 masana, m'malo mwa 2 koloko

Opezeka: Wapampando (a Makanika), Mayi a Saluni, a Telala, Mayi Namwino, Aphunzitsi a kalasiyi (oitanidwa, savota), ndi Mlembi.
Opepesa: Wachiwiri kwa Mlembi, kachitatu kotsatizana, akuti dzino likuwawabe.
Osapezeka: Bambo ake a mwana wokambidwa. Onani mfundo 2.

1. KUTSEGULA

Wapampando analandira onse ndi kukumbutsa komiti kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atatero anati nkhani ya lero ndi imodzi yokha: kuona ngati mwana wina achotsedwe pasukulu pano kapena ayi. Malinga ndi Lamulo 9, dzina lake silitchulidwa, angotchedwa "mwanayo", ngakhale kuti aliyense m'chipindamo ankamudziwa mpaka mtundu wa chikwama chake.

2. ZA LAMULO 7

Lamulo 7 limati kholo la mwana wokambidwa lidikire panja mpaka nkhani ithe. Mlembi, amene ndi bambo wa mwanayo, anaimirira n'kutenga chipewa chake. Apa panapezeka vuto: panalibe wolemba. A Telala anati aiwala magalasi. Mayi a Saluni anati angopaka kumene zikhadabo. Mayi Namwino anati zolemba zawo zimawerengeka ndi anzawo a kuchipatala okha, nawonso mochita kuthandizana.

Wapampando anagamula motere: "Basi, izi n'zosavuta. Bambo a mwanayu atuluka. Amene atsale muno ndi a Mlembi. A Mlembi alibe mwana, alibe pakamwa, ali ndi cholembera basi."

Onse anavomereza. Choncho kuyambira 2:52 bambo a mwanayo anali panja, ndipo Mlembi anakhalanso pansi.

3. DANDAULO

Mayi a Saluni anati Lachiwiri lapitali mwanayo analuma mwana wawo pamkono. Anaonetsa chithunzi cha pafoni, chimene chinazungulira komiti kawiri. Mlembi nayenso anachiona. Mano anayi, ooneka bwino, ndipo palibe chifukwa chokanira.

"Ine ndimatumiza mwana kuno kudzaphunzira, osati kudzadyedwa," anatero. "Achoke basi. Lero ndi mkono, mawa ndi khutu."

Aphunzitsi anapemphedwa kufotokoza. Anati mwanayo ndi mtsikana wa zaka zinayi ndi miyezi iwiri. M'mawa uliwonse anzake akavula nsapato pakhonde, iye amazitola n'kuzindandalika kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ndipo saphonya. Tsikulo mwana wa Mayi a Saluni anasolola nsapato yake pakati pa mzere, zinazo n'kuzimwaza ndi phazi, akuseka. Mwanayo anakuwa kwambiri, kenako n'kuluma. Mayi a Saluni anapempha kuti mawu akuti "akuseka" asalembedwe. Anali atalembedwa kale.

Atafunsidwa ngati pali zina, Aphunzitsi anati zilipo. Mwanayo ukamuitana dzina satembenuka. Belu likalira amatseka makutu n'kulowa pansi pa tebulo. Ukamufunsa kuti, "Ukufuna madzi?" nayenso amayankha kuti, "Ukufuna madzi?" Sasewera ndi anzake, amasewera pafupi nawo. Koma manambala onse a pakalendala amawadziwa, ndipo tsiku lina anakana kukhala pansi mpaka Aphunzitsi atatembenuza tsamba la mwezi watha.

4. MAGANIZO A MAMEMBALA

A Telala anati vuto ndi kusasatitsa. Anati iwo alera ana asanu ndi kamkwapulo kamodzi komweko, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandandalikapo nsapato, ngakhale zake.

Wapampando anati galimoto ikakana kulira umayamba waona batire, choncho mwanayo akamuyeze makutu. Aphunzitsi anati mayi ake anakamuyezetsa kale chaka chatha, makutu ali bwinobwino. Wapampando anati ndiye kuti vuto ndi wailesi ya kanema.

Mayi a Saluni anati makasitomala awo atatu anawatsina khutu kuti zoterezi zimabwera mayi akamagona ndi foni pafupi ali woyembekezera. Atafunsidwa kuti makasitomalawo amagwira ntchito yanji, anati zimenezo n'zachinsinsi cha saluni.

Mlembi analemba zonsezi, poti ndiyo ntchito yake. Cholembera chinaboola pepala kawiri.

Mayi Namwino anati iwo sangatchule vuto la mwana Loweruka masana atakhala pa kampando ka ana, koma zimene amvazi zikufanana ndi otizimu. Anafotokoza kuti ubongo wa ana ena umakula mwa njira yakeyake, moti phokoso, mawu ndi kusintha kwa zinthu amazimva mosiyana ndi anzawo. Anati si kusasatitsa, si foni, si mlandu wa mayi kapena wa bambo, ndipo mkwapulo ungangowonjezera mantha. Amene anganene zoona ndi madokotala oona za kakulidwe ka ana, ndipo kupita msanga kumathandiza kuti mwana ayambe kuthandizidwa msanga.

A Telala anafunsa ngati n'zopatsirana. Anauzidwa kuti ayi. Anabweza kampando kawo pamene kanali.

Mayi a Saluni anafunsa kuti, ngati zili choncho, makolowo akudikira chiyani. Mayi Namwino anayang'ana Mlembi, kenako pawindo. Wapampando anawauza kuti amasuke, poti bambowo ali panja.

Mayi Namwino anati mayi ake a mwanayo anafika kunyumba kwawo mwezi wa Julayi, okhaokha, ali ndi kakope. M'kakopemo analembamo zonse zimene amaona pa mwanayo, tsiku ndi tsiku, masamba makumi atatu. Anawathandiza kupeza tsiku lokaonana ndi dokotala, kawiri konse, ndipo kawiri konseko mayiwo anaimba foni kuti alephera. Chifukwa chake chinali chimodzi: amuna awo anakana kwamtuwagalu. Akuti ankati, "Mwana wanga alibe vuto, vuto ndi iwe wokonda kuwerenga za pafoni. Inenso ndinachedwa kulankhula, lero si ine mlembi wa komiti?"

Komiti inaseka. Kenako inakumbukira, n'kusiya. Wapampando anati palibe choopa, kuseka kupitirire.

A Telala anati amunafe timaopa pepala la adokotala kuposa mpeni. Mayi a Saluni anati ameneyo si mantha, ndi kuuma mutu, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti bambo a mwanayo ndi ouma mutu, odzimva, ndipo akuzunza mkazi wawo popanda kumumenya. Anaimirira kudzaona ngati zalembedwadi. Zalembedwa, ndipo Mlembi sanapezepo mawu oti n'kukonza.

Za kakope kaja Mlembi anazimvera momwemo, limodzi ndi komiti. Zinamuwawa.

5. CHIGAMULO

Aphunzitsi anapempha mawu asanavote. Anati kwa milungu iwiri akhala akumuonetsa mwanayo belu asanalilize, ndipo iye amatuluka yekha kukaima kuseri kwa thanki ya madzi, likatha n'kubwerera. Pansi pa tebulo sakulowanso. Anapempha kuti zondandalika nsapato ikhale ntchito yake yodziwika, anzake auzidwe kuti wofuna nsapato azipempha.

"Mukamuchotsa apita kuti?" anatero. "Akakhala m'nyumba, chitseko chotseka, mayi ake akulira okha. Ine mwanayu sindinatope naye. Amene anditopetsa ndi akuluakulu."

Mlembi amavota pa nkhani zonse, koma pa iyi Wapampando anati dzanja lake lili pantchito. Ofuna kuti mwanayo achoke: Mayi a Saluni ndi a Telala. Ofuna kuti akhale: Mayi Namwino ndi a Telala. Atafunsidwa, a Telala anati mayunifolomu a ana onse awiri amasoka ndi iwo, sangasankhe.

Voti yomaliza inagwera Wapampando. Anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zawo, Mlembi osamuyang'ana.  Kenako anagamula izi:

(a) Mwanayo apitirize sukulu mpaka kutha kwa teremu ino.
(b) Akapanda kuonana ndi dokotala teremu isanathe, asadzabwerenso.
(c) Pempho la Aphunzitsi la nsapato lavomerezedwa.
(d) Bambo a mwanayo alemberedwe kalata ya mawu amphamvu. Wolemba: Mlembi.

"Musakawanyengerere, a Mlembi," anatero Wapampando. "Anthu oterewa akamva mawu ofewa amayesa ukuwaimbira nyimbo."

6. ZINA NDI ZINA

A Telala anadandaula za timipando, ndipo anafunika anthu awiri kuti awadzutse. Mpopi wa kuchimbudzi cha ana ukudonthabe. Wapampando analonjeza kubwera ndi sipanala, monga analonjezera mu Januwale.

Wapampando analamula kuti bambo a mwanayo aitanidwe. Mlembi anaika cholembera pansi. Wapampando anawalonjera bambowo, anawapepesa kuti adikira nthawi yaitali padzuwa, n'kuwafotokozera chigamulo chonse pang'onopang'ono kuti amve. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, bambowo anangogwetsa misozi. Mayi a Saluni, amene palibe anawapempha, anawapatsa kansalu kopukutira m'maso, n'kunena kuti bala la mwana wawo likupola, asadandaule.

Poti zokambiranazi zimamatidwa pa bolodi la pageti, pamene mayi ake a mwanayo amaima masana aliwonse kudikira, Mlembi akulemba pano zimene bambo aja analephera kunena m'kalasi, zimenenso alephera kunena kunyumba kwa miyezi isanu ndi itatu.

Ankaona. Zonse zimene zili m'kakopemo nawonso ankaziona. Pochoka kuntchito ankaima pakhomo n'kuitana mwana wawo katatu, iye osatembenuka, ndipo ankalowa kubafa n'kutsegula madzi kuti asamveke. Ankaganiza kuti chinthu ukapanda kuchitchula dzina chimatopa n'kuchoka chokha. Ndiye mantha awowo anawasenzetsa mkazi wawo, n'kumamunena kuti ndi iye wosokonezeka.

Amayi a mwana, munkanena zoona. Pepani. Kalata ya komiti yalembedwa, yafika, ndipo mwini wake waiwerenga. Pemphaninso tsiku lina kwa adokotala. Mwanayo ndidzanyamula ndine, inu mudzanyamule kakope.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 6 Epulo, 2 koloko masana, mu ofesi, alonda akapezeka.

8. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 4:35 madzulo.

Wasaina: ____________________
Wapampando

Wasaina: ____________________
Mlembi, bambo ake a mwanayo