Anayi mwa Khumi

Lachiwiri, 4 de Março

Tete. Kutentha kosati masewera. Amuna anga a Moisés awalowetsa m'makina a TAC, aja ojambula m'kati mwa khosi. Ine panja, nsapato zawo m'manja.

Khansa. Dzinalo ndinalimva kale ku Furancungo, koma lero ndaiona ndi maso. A doutora, adokotala aakazi, atembenuza kompyuta kuti tione tonse. Chotupa ngati kambatatesi, chotsamira kholingo. Achiyeza ndi kamzere, ayang'ana anabele a m'khosi: mbali imodzi yokha. M'chifuwa mulibe kanthu.

Ndinafunsa mosazungulira ngati achire. Anati chithunzi si Mulungu, koma chimalozako njira. “Mwa anthu khumi a chithunzi chonga ichi, anayi amakhala alipobe zaka zisanu zikatha, akayamba radioterapia msanga. Chikafika pa mtsempha uwu, sindidzanenanso anayi.”

Radioterapia, kuwotcha chotupa ndi makina, ndi ku Maputo kokha. Pa 20 tikhale titafika ku Tete ndi zovala, atipatse guia, kalata yotumizira wodwala. Njira yonse yobwerera ndimangoti anayi, anayi. Eni ake maso pawindo basi.

Lachinayi, 6 de Março

Kwathu ku Chidzolomondo. Fodya wapsa m'munda, wothyola ndi ine ndi mwana wathu Lídia basi. A Moisés anayesa kumanga ng'ombe pangolo. Mawu osatuluka, ng'ombe zangowayang'ana. Zaka zonsezi zimamvera iwo okha. Ndinazemba kukalirira kuseri kwa chigafa.

Phala lamadzi, masipuni asanu ndi awiri. Ndapeza chingambwe m'thumba la jekete. Munthu khosi likutha, akubisabe fodya! Ndaponya m'chimbudzi, ndawakalipira mpaka anansi kumva. Tsopano ndikuchita manyazi.

Lamulungu, 9 de Março

Alamu anga a Modesta, alongo awo aakulu a Moisés, atulukira pa njinga yamoto kuchokera ku Tsangano, matope mpaka m'mawondo. Wawauza ndani? Ndikuganizira Lídia ndi foni yake.

Ndinakondwera, chitsiru ine. Ndinati ndapeza wondithandiza. Ndawafotokozera zonse, kambatatesi, mtsempha, anayi mwa khumi. Iwo anawerenga zala mwakachetechete. “Ndiye asanu ndi mmodzi enawo amafera komweko ku Maputo?”

Ndikanangoti a doutora ati achira. Kamwa langa ili.

Lolemba, 10 de Março

Tsiku lonse nkhani pakhonde. A Modesta sakweza mawu, n'chifukwa chake amandiopsa. “Mlamu, munthuyu kuno anabwera kudzakwatira. Mwamusunga bwino, sitikana. Koma akadwala chotere, eni ake ndife.” Akuti maliro a ku Maputo angawanyamule ndani. Akuti akaikidwa ndi alendo ngati munthu wopanda mtundu, amayi awo atagona ku Tsangano.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri tili pabanja. Nyumba iyi njerwa anaumba ndi iwo, chitsime anakumba ndi iwo. Lero ndi mkamwini, ine wongobwereka.

Chondiwawa n'choti mwambowu ndikuudziwa. Mlongo wanga Vasco atadwala kuchikamwini kwake, amene anatsogolera kukamutenga ndinali ine. Mkazi wake analira atagwira chitseko cha galimoto, ine ndinati akuchita matama.

A Moisés m'nyumba chigonere. Amva zonse. Sanagogode n'khoma lomwe.

Lachitatu, 12 de Março

Ndinapita kukathyola, fodya sadikira. Pobwera mphasa yopindidwa, jekete palibe, Baibulo palibe. Zizindikiro za matayala a galimoto pabwalo, a Modesta awatenga. Lídia akuti anayenda okha kukakwera, sanawakoke.

Sanandidikire n'komwe.

Loweruka, 15 de Março

Ndakwera pachulu kusaka rede ya foni, ndaimbira a doutora. Malo awasungira mpaka pa 20. Likadutsa tsikulo apatsa wina, ife kumapeto kwa mzere, mwina miyezi iwiri, ndipo TAC ina. Ndinafunsa kuti m'miyezi iwiri chithunzi chidzaoneka bwanji. Anangoti, “Mayi, bwerani nawoni pa 20.”

Foni ya a Moisés akuyankha ndi a Modesta. Akuti agona. Nthawi zonse agona.

Ndapita kwa ankhoswe athu, a Felizardo. Anandimvetsera akusenda chimanga. Akuti nkhani zotere sizifuna phuma, tidikire mvula ikate, mabanja awiri akhale pansi. Mvula ikate! Chotupa chimadziwa ankhoswe?

Ndikuopa. Chakudya sichikulowa. Pemphero ndikungoliyamba, osalimaliza.

Lachiwiri, 18 de Março

Fodya ndamusiya, aole ngati akufuna. Ndachapa malaya awo awiri abwino, ndapinda m'chikwama pamodzi ndi mapepala a kuchipatala. Lídia walumbira kuti sanaimbire azakhali ake. Sindinamukhulupirire, ndamusiya akulira.

Wa ku Tsangano: njinga yamoto, minibasi ya chapa, chapa ina. Msewu phala lokhalokha.

Lachitatu, 19 de Março

Tsangano. Kuzizira. Ndawapeza pakhonde la a Modesta atafunda bulangete, akuyang'ana munda wa mbatatesi umene ankalima ali mnyamata. Aonda. Khosi latupa kuposa sabata yatha, kapena ndi maso anga.

Ndinagwada, ine amene sindinawagwadirepo chikwatirane. Ndinati tiyeni, mawa ndi tsiku lija, alongo anu ndithana nawo ndekha. Ndinatukwana a Modesta iwo ali pomwepo akupeta nyemba. Anangopitiriza kupeta.

A Moisés anandikoka dzanja kuti ndiike khutu pakamwa pawo. Mawu ngati mphepo. “Perpétua, alekeni alongo anga. Ndinawaitana ndine pa meseji, tili m'chapa kuchokera ku Tete. Chithunzi chija nanenso ndinachiona.”

Ndiye masiku khumi ndakhala ndikulimbana ndi munthu wolakwika. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti ndikanawakakamiza. Inde ndikanawakakamiza! Ndinati Lídia sanakwatiwe, ine sindinakonzeke, mulibe chilolezo chofa musanayese. Anangondisisita dzanja ngati wodwala ndine.

Ndawauza kuti mawa ndikakhala pamalo okwerera chapa ndi chikwama chawo. Akafuna andipeze. Sanavomere, sanakane.

A Modesta andiyalira mphasa yabwino, andipatsa bulangete lawo. Zikanandipepukira akanakhala munthu woipa.

Lachinayi, 20 de Março

Pamsika, pokwerera. Chapa yoyamba yapita, ndaileka. Yachiwiri ikudzaza, ndipo ikapita iyi ku Tete sitikafika lero. Ndalipira mipando iwiri, chikwama ndaika pa wawo.

Njira yochokera kwa a Modesta ikuoneka yonse kuchokera pawindo pano. Mayi wa nkhuni. Njinga ya makala. Palibenso wina.

Cobrador, wotolera ndalama, wabwera kachitatu. Akuti mayi, mwini mpandowu ali kuti, anthu akudikira. Ndamuuza kuti amayenda pang'onopang'ono, ndi wodwala, akubwera. Dalaivala waliza injini, ndipo ine sindikudziwa ngati nditsike kapena