Sikwidi wa Mikono Isanu ndi Itatu wa m'Labotale ya pa Kamphiri

Komiti ya Labotale, Sekondale ya Masana ya Kamphiri, kufupi ndi Bembeke
Tsiku: Lachinayi, 12 Juni 2025
Malo: m'labotale momwemo

Opezeka: a Macdonald Alufeo, mphunzitsi wamkulu, Wapampando, a Limbikani Ufulu, mphunzitsi wa Bayoloje, mayi Esitere Yohana, oimira makolo, a Jesinta Tikondwe, Mlembi.
Osapezeka: a Vinsenti Yohana, akukumba kachewere.

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero. Wapampando anapempha kuti tifulumire chifukwa kunja kwazizira.

2. Dzina loti lilembedwe pa botolo
Wapampando anakumbutsa mamembala kuti nyama ya m'botolo ija, imene wansembe wina anabwera nayo kuchokera ku Beira kalekale, ilibe dzina mpaka lero. Mlembi akulemba nkhaniyi kachisanu ndi chiwiri, ndipo watopa nayo. Wapampando anati a Ufulu akupuma pantchito pa 30 Juni, choncho tingolemba kuti nsomba, tithane nazo.

A Ufulu anakana. Anafotokozanso, monga amachitira chaka chilichonse, kuti nyamayo ndi sikwidi wa pansi penipeni pa nyanja yamchere, alibe fupa lamsana, ndipo ndi wachibale wa nkhono. Ali ndi mitima itatu komanso mlomo ngati wa mbalame. Wapampando anati m'buku la ana sikwidi ali ndi mikono khumi, pamene uyu ali ndi isanu ndi itatu. A Ufulu anayankha kuti a banja la Octopoteuthidae amataya mikono iwiri yaitaliyo akamakula, ndipo yotsalayo imakhala ndi timbedza, ndi tinthu towala kunsonga. Anati banjalo analipeza kale, koma mtundu wake weniweni akhala akuufufuza zaka makumi awiri ndi ziwiri.

3. Kalata ya katswiri
A Ufulu, amene anali atangofika kuchokera kokayang'anira mayeso oyeserera ku sukulu ina, anawerenga kalata ya katswiri wa zam'nyanja amene wawayankha patatha zaka zitatu. Katswiriyo akuti angathe kutchula dzinalo akalandira zithunzi za nsonga za mikono, ndiponso mawu a pa kapepala ka pensulo kamene kali m'botolomo, konena malo ndi kuya kumene nyamayo inagwidwa. A Ufulu anati kapepalako ndi kopinda, ndipo sanakatsegulepo poopa kuti mpweya ungawononge nyama. Anapempha chilolezo chotsegula botolo.

Apa mayi Yohana anaimirira akumwetulira, navundukula chitenje chimene chinaphimba botolo pa shelefu. Anati amayi a gulu lawo, pofuna kuthokoza a Ufulu asanapume, anakonza labotale Loweruka lapitali. Madzi a m'botolo anali atada, ndiye anawataya, natsuka nyamayo bwinobwino n'kuthiramo spiriti watsopano. Nsonga za mikono zinkaoneka zonyenyeka, choncho anaziwenga ndi lezala, monga timachitira ndi zikhadabo za nkhuku. Kachinyalala kopinda kamene kanali pansi m'botolomo kanapita ndi madziwo.

A Ufulu anayang'ana botolo nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwatsuka bwino, mayi." Anakhala pansi.

Mayi Yohana atamvetsa, anagwira pakamwa nati, "Aphunzitsi, ife timati tikukulemekezanitu." Mlembi anawamvera chisoni onse awiri.

Chigamulo: Wapampando anasiya za nsomba zija, nafunsa a Ufulu choti tilembe. Iwo anati, "Lembani kuti banja lake tikulidziwa, dzina lake sitikulidziwa." Onse anavomereza.

4. Zina ndi zina
Wapampando anadandaula za zenera losweka.

A Ufulu anafunsa kumene madzi aja anatayidwa. Mayi Yohana anati m'dimba la kabichi kuseri kwa labotale, ndipo lakhala likuthiriridwa tsiku ndi tsiku. A Ufulu anapempha kutuluka. Mayi Yohana nawonso anapempha, nati akabwereka sefa kunyumba kwa aphunzitsi aakulu.

5. Msonkhano wotsatira
Udzachitika pa 10 Julayi. Pa mndandanda wa mamembala sipadzakhala dzina la a Ufulu.

6. Kutseka
Msonkhano unatha 3:40 masana popanda pemphero, poti tinatsala awiri. Pamene Mlembi ankakhoma chitseko, a Ufulu ndi mayi Yohana anali atagwada pa mzere wachitatu wa kabichi, akusefa dothi.

Wapampando: M. Alufeo ....................
Mlembi: J. Tikondwe ....................