Duku Lobiriwira la Virginia

Kachulu,
Zomba.
11 Juni 1978

Virginia mng'ono wanga,

Ndayamba ndi moni chifukwa ndi mmene anatilerera amayi, osati kuti mtima wafuna. Uli bwanji kusukuluko? Ndikhulupirira ukudya bwino, ukugona tulo tabwino, ndipo khungu likusalala ndi mafuta odzola amene sunagule wekha. Ife kuno tadzuka, poti kudzuka sikufuna chilolezo cha munthu.

Mwera wayamba, kukuzizira zedi. Mpunga wakudambo wacha mpaka kugwa pansi, mbalame zikudya ngati zachita kuitanidwa, chifukwa wodula palibe. Achimwene a Gerishomo anawatenga. Ndalemba mosazungulira kuti usavutike ndi kunamizira kudabwa.

Owatengawo anabwera m'mawa dzuwa litakwera, patangopita masiku ochepa iwe utabwerera kusukulu. Galimoto yotchinga kumbuyo, yopanda nambala, inaima padoko pomwe azimayi ogula matemba anali atandanda ndi madengu awo. Achimwene anali pansi akusoka ukonde. Anatulutsa khadi lachipani asanafunsidwe n'komwe, koma bambo wajekete amene ankatsogolera anati khadi aliyense ali nalo, iwo adzera phukusi.

Ine ndinali pomwepo ndi alamu a Estere, tikuyanika nsomba pathandala, ndiye usadzati ndinamva za m'maluwa. Bamboyo anafunsa za phukusi limene achimwene anapatsira anthu a tsidya la Mozambique pakati pa nyanja, pa tchuthi cha Pasaka. Achimwene anaseka, nati maphukusi otero amanyamula tsiku ndi tsiku. Bamboyo anati sakunena enawo ayi, akunena lija lomangidwa ndi duku lobiriwira.

Dukulo ndinalidziwa pomwepo, Virginia. Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anakwera galimoto.

Mwina mabuku akuiwalitsa, ndiye ndikukumbutse. Tsiku lija kunabwera Meshack wako, mnyamata wa Fomu 4 wa sukulu ya anyamata yoyandikana ndi yanuyo. Anapalasa njinga kuchokera kwa amalume ake ku Songani, akunamizira kuti wadzagula makumba. Amayi anaseka mpaka misozi, amvekere chibadwire sanaonepo wogula nsomba atavala tayi. Anamuphera nkhuku.

Achimwene anati mlendo sangabwerere asanaione nyanja, ndiye tinakwera bwato anthu anayi: iwo, ine, iwe ndi Meshack.

Iwe wabadwira pompano. Ukudziwa kuti bwato silichoka padoko lopanda kanthu. Asodzi okhala m'zimbowera, timisasa tija tomanga pa bango pakati pa madzi, amatha mwezi osaponda kumtunda, ndipo aliyense wolowa m'nyanja amawatengera ufa, mchere ndi fodya. Palibe amafunsa ngati uyu ndi wa tsidya lino kapena lija. Abambo athu ankatero mpaka kumwalira kwawo, ndipo iwe wemwe uli wamng'ono unkalirira kuti thumba la mchere unyamule ndiwe.

Tili m'kati mwa bango, thumba la ufa linang'ambika n'kuyamba kunyowa. Unavula duku lako n'kumangira. Ndinakuseka kuti wangofuna Meshack aone tsitsi lomwe ndinakuluka, iwe n'kunditsina pantchafu. Achimwene analonjerana ndi asodzi aja m'Chilomwe, n'kuwapatsira ufa wawo, iwo n'kutiponyera milamba yowamba. Tinadyera m'bwato momwemo, ndipo mutu unadya ndiwe.

Nkhani yonse ya phukusi ndi imeneyo. Kumtunda kunalibe amene anaona duku lija likumanga kanthu. Achimwene sangadzinenere okha. Meshack naye anamutulutsa m'kalasi sabata yomweyo, amalume ake anafika pano akulira ngati mwana. Ine pakamwa panga ndikupadziwa. Tandiuza, watsala ndani?

Usaiwale kuti benchi ukukhalirayo ndinakhalapo ine, ndisanabwerere kudzasamala amayi. Chipinda chosokera ndikuchidziwa. Loweruka masana matroni amatseka chitseko, m'katimo muli mayi wochokera kutauni wa chikwama chakuda, patebulo pali tiyi wamkaka ndi mabanzi. Ena amawakopa ndi sopo wonunkhira. Koma amene amawakonda kwambiri ndi atsikana ogwidwa ndi chibwenzi, chifukwa amenewo sakana. Amangokuuza kuti sankha, ulongedze sutikesi lero kapena ukhale makutu awo.

Nanenso anandiitanapo kuti ndiziwauza zimene aphunzitsi a jogalafe amalankhula. Ndinadzisandutsa chitsiru. Loweruka lililonse ndinkawafotokozera za nyemba zofumbwa ndi nsikidzi za kogona, mpaka mayi uja anauza matroni kuti mwana uyu m'mutu mwake muli madzi a ku Chilwa okhaokha. Ndinataya mabanzi basi. Iwe ndiye wanzeru wa pakhomo pano, woyamba m'kalasi, sukanalola kuoneka wopusa ngakhale pamaso pa anthu otero.

Chimene ankafuna kwa Meshack ndikuchidziwa. Ndi mkulu wake uja anathawira kunja. Koma mnyamata uja analibe kanthu m'mimba, tsiku lonse ankangokamba za mpira ndi zoti adzakhala dokotala. Ndiye Loweruka linakwana, mayi wa chikwama akukuyang'ana, iwe ulibe chopereka. Unatola ufa wa anthu anjala n'kuusandutsa katundu wa zigawenga. Kodi unkaganiza kuti bwato lija linkadzipalasa lokha? Sunadziwe kuti adzafunsa mwini wake?

Chondinyansa kwambiri n'choti umamukonda. Ndinakuona. Bwato litapendekeka iye n'kukugwira mkono, unaiwala kuti achimwene alipo, sunachotse mkonowo mpaka tinafika padoko. Pobwerera unamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo unabwera ukuimba nyimbo ya kwaya yomwe munadziwirana. Ukanakhala kuti unkangomunyenga, bwenzi ndikuti ndiwe woipa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kumudyetsa munthu nkhuku ya amayi ako, kuseka naye bwinobwino, kenaka n'kukamupereka posinthana ndi tiyi, zimenezo dzina lake sindikulidziwa. Ndikuchita nawe mantha, ndipo ndakwiya moti cholemberachi chikuboola pepala.

Tsopano imva zimene wasiya kuno. Alamu a Estere ali ndi pakati potopa, mwezi wawo ndi Ogasiti. Akhala akukwera malole a nsomba kupita ku Zomba ndi mimba imeneyo, ndipo khomo lililonse limene agogoda awauza kuti dzina limenelo kulibe. Tsiku lina anapita ndi bulangete ndi mbatata zophika, anabwera nazo. Bwato lili pamtunda likung'aluka ndi dzuwa, palibe wofuna kulibwereka ngakhale mwaulere. Anthu amene tinkadya nawo mbale imodzi akationa pachitsime amayamba kumanga zingwe za ndowa zosamasuka.

Ndipo asodzi a m'zimbowera aja palibenso wowatengera ufa. Mabwato akuchoka padoko opanda kanthu, aliyense akuopa. Mwambo umene unapirira ngakhale chaka chimene nyanja inauma, waupha ndiwe ndi Loweruka limodzi.

Padoko onse akuloza a Bizweki, chifukwa anakangana ndi achimwene chaka chatha pa nkhani ya ukonde. Ana awo akugendedwa popita kusukulu, akazi awo asiya kubwera kutchalitchi. Ine ndimawadutsa nditaweramitsa mutu, ndikudziwa kuti munthuyo alibe mlandu. Wandisandutsa wabodza mnzako, ndipo chimenechi sindidzakukhululukira msanga.

Sindinalembe kuti ndingokutukwana, ngakhale mawu ake ndili nawo ambiri. Ndikukupempha, ndipo kupempha iwe kukundiwawa.

Loweruka likubwerali usadikire kuitanidwa. Kagogode wekha kuchipinda chosokera. Ukamuuze mayi wa chikwama uja kuti m'phukusi munali ufa wa mgaiwa, kuti unauona ndi maso ako, kuti dukulo linali lako ndipo unamanga ndiwe. Ukanene kuti unakokomeza chifukwa unkaopa kuchotsedwa sukulu. Ife tikalankhula amati ndi abale, amalume a Meshack akalankhula amawaopseza. Pakamwa pamene anthu amenewo amakhulupirira ndi pako pokha.

Ndikudziwa chimene chingatsatire. Mwina akuthamangitsa usanalembe mayeso a JC, mwinanso zoposa apo. Ndaganizira zonsezo usanayambe kundilirira. Sindikulonjezanso kuti akamva adzawatulutsa. Koma munthu amene ankakunyamula pakhosi kukuolotsa madzi osefukira kuti usajombe ku pulayimale akugona pa simenti m'mwezi wa Juni uno, ngati ali moyo. Setifiketi yako ingadikire, kapena ingapite, ine sindidzalira maliro ake.

Kalata ino ukafuna kaipereke kwa iwo, ili ndi zokwanira kuti upatsidwe sopo wa chaka chonse. Wakubweretserayo sadziwa kuwerenga ndipo sadziwa zili m'katimu, ndiye umuleke.

Amayi sadziwa kuti ndiwe. Aonda, chitenje akuchita kuchizunguliza kawiri. M'mawa uliwonse amagwada n'kupempha Mulungu kuti aulule amene anapereka mwana wawo, kenaka m'pemphero lomwelo amatchula dzina lako kuti ukhoze mayeso. Atandiona ndikufuna pepala, anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisakuuze za achimwene. Anati Virginia ndi wa mtima wofewa, akamva adzalephera kuwerenga. Anati ndikuuze kuti kuno zonse zili bwino.

Ndiye ndakuuza. Kuno zonse zili bwino.

Ndikhala chete mpaka sukulu itsekere. Ukadzatsika basi ndi sutikesi yako usanagogode pachitseko chija, sindidzanena ndine. Ndidzakukhazika pamphasa pamaso pa amayi, alamu ndi a Bizweki, ndipo udzafotokoza wekha, bwinobwino, monga umafotokozera Loweruka.

Mulungu akusunge, chifukwa ndiwe mwana wa amayi anga ndipo zimenezo sindingazisinthe. Akupatsenso mtima wolimba, uugwiritse ntchito moyenera kamodzi kokha.

Pano mpamene ndikanakutuma moni kwa anzanga amene ndinawasiya kusukuluko ndi kwa aphunzitsi amene anandichitira chifundo. Alipo ambiri ndipo ndawasowa. Koma sinditchula dzina ngakhale limodzi, chifukwa ndikulembera iwe.

Ndine mkulu wako,
Sophia