Madzi Owira Popanda Moto

Cuamba, 9 Junyu 1999

Achimwene Bernado,

Muli bwanji ku Nampula, pamodzi ndi alamu a Isabel ndi ana? Ife kuno tadzuka, koma sindinganene kuti tili bwino.

Makina otsukira zitsulo amene munatumiza pa sitima anafika pa 17 Mayu. Ndinathiramo malita awiri a madzi ndi masupuni atatu a sopo, n'kuviikamo tizitsulo topopera gazoliyo, dizilo uja, mu injini ya chigayo chathu. Pa mphindi khumi ndi ziwiri tizitsuloto tinatuluka tikuwala. Chibwerereni chathu kuchokera ku Malawi, chigayo sichinalirepo bwino chonchi.

Vuto ndi amayi.

Ataona madzi akuchita thovu pansi palibe moto, anapisamo chala, n'kupeza ndi ozizira. Ndinawafotokozera monga munandilembera, kuti phokoso losamveka ndi khutu limagwedeza madziwo mpaka mubadwe timathovu ta mpweya, ndipo timathovuto pophulika timakokolola litsiro. Anandiyankha kuti chochotsa dzimbiri m'chitsulo sichingalephere nyamakazi m'mawondo.

Pa 2 Junyu ndinapita kumsika. Pobwera ndinapeza makina akulira, amayi ndi anzawo asanu ndi awiri a kumpingo ali pakhonde, aliyense kapu m'manja. Anamwa, achimwene! Madzi a sopo ndi gazoliyo! Amayi anasanza masiku awiri, koma akuti amenewo ndi matenda akutuluka, atsala makapu atatu kuti achiriretu.

Ndiulule cholakwa changa. Ndinawakalipira pamaso pa anzawo, ine amene sindikalipira ndi nkhuku yomwe. Kenako ndinazula chingwe cha magetsi, ndipo ndimayenda nacho m'thumba ngakhale kutchalitchi.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri osandilankhula. Anauza mkazi wanga Zulmira kuti ndikuwamana mankhwala ochokera kwa mwana wawo woyamba. Dzulo anapita okha, ndi mawondo omwewo, kwa Adriano wokonza mawayilesi, ndipo iye wawalonjeza chingwe china.

Chonde alembereni. Za phokoso ndi timathovu musatchule, ndayesa kanayi. Mungonena kuti inuyo, Bernado, mwaletsa. Ine amati ndine wowerenga masupuni, koma mawu anu sawaponda.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Chingwe cha Adriano chifika pa sitima ya pa 16. Kalata yanu ikwere ya pa 14.

Ndine mng'ono wanu,
Simão