Jekete la Bambo pa Siteji ya Basi

Lachitatu, pa 19 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti msana uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino. Mayeso tamaliza dzana, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi wapita kale kwawo, ndiye muno muli zii, ndatsala ine ndi makatoni a mabuku. Ndati ndikulembereni papepala chifukwa pafoni mumandisokoneza ndi nthabwala ndisanafike pamutu wa nkhani.

Munandifunsa tsiku lija, uku mukuseka, kuti kodi munthu amaphunzira chiyani chaka chathunthu pa utolankhani wa zovala, kapena timangokhala m'kalasi kumaombera m'manja madiresi akamadutsa. Lero ndikuyankheni. Teremu yoyamba ndinaona zakuda. Tinaphunzira mbiri ya zovala, kusiyanitsa nsalu pongoigwira titatsinzina, kujambula zithunzi, ndi malamulo a zimene mtolankhani saloledwa kuchita. Koma wotitulutsa thukuta kwenikweni anali mphunzitsi wa kalembedwe, mayi wamfupi amene tinawapatsa dzina loti a Lumo, chifukwa ukawapatsa masamba atatu amakubwezera ndime imodzi. Tsiku loyamba lomwe anatiletsa mawu oti "chokongola". Anati ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula amatha kunena kuti diresi ndi lokongola. Ife tizinena kumene msoko wadutsa, mmene kolala wakhalira, ndi chimene wovalayo akufuna kuti anthu amuganizire. Nkhani yanga yoyamba, ya chionetsero cha anzathu ophunzira zosoka, inabwerako ili psuu ndi inki yofiira. Pansi pake analemba kuti ndawauza mmene ndinasangalalira, koma sindinawauze chimene ndinaona.

Pang'onopang'ono maso anatseguka. Tsopano ndikakwera basi ndimatha kudziwa malaya obwereka ndi malaya a mwini wake, nsapato zopitira kofunsira ntchito ndi zopitira kuntchito. Ndi matenda osachiritsika, ndipo mukadzandiona ndikuyang'anitsitsa lamba wanu musadzakhumudwe.

Teremu yachiwiri a Lumo anatipatsa ntchito yaikulu ya chaka. Aliyense apeze mumsewu munthu wovala chovala chakalekale, amupemphe kucheza naye, ndipo alembe mbiri ya chovalacho. Anzanga anamaliza msanga, wina analemba za chipewa cha woyendetsa takisi, wina za diresi laukwati limene linasanduka makatani. Ine ndinangozungulira m'tauni, ndikuchita manyazi, mpaka nthawi inatsala pang'ono kutha.

Achimwene, kuyambira apa muwerenge modekha.

M'mawa wina kukuwaza mvula ndinaima pasiteji ya basi pafupi ndi sukulu. Patsogolo panga panali mayi wovala jekete lachimuna lofiirira, la zigamba m'zigongono, mikono yake ataipinda kawiri. Atatembenuka kuti aone basi, ndinaona batani lapakati. Linali lobiriwira, losiyana ndi anzake. Mukulikumbukira: Amayi anasowa lofanana nalo, n'kudula limeneli pa siketi yawo yakale, ndipo tinkawaseka Bambo kuti avala diso la mphaka pamimba. Batanilo ndinalizindikira ndisanaone nkhope. Nditakweza maso ndinapeza kuti ndi mayi aja, amene Bambo anatisiya n'kukakhala nawo, amene dzina lawo silitchulidwa kwathu.

Ndinakwera basi yomweyo, ndinatsika pamene anatsika, ndi kuwatsatira mpaka pasitolo ya mankhwala pamene amagwira ntchito. Chimene ndinkafuna sindinkachidziwa. Atafika pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ngati wabwera kudzandinyoza, lowa undinyozere mkati. Kunja kuno ukunyowa."

Kusukulu anatiphunzitsa kuti mtolankhani asabise chimene iye ali. Choncho ndinawauza kuti ndine mwana wa eni ake a jeketelo, komanso ndine wophunzira, ndipo ndikufuna kulemba za chovalacho. Mayiwo anandiuza kuti ndidzawapeze kunyumba Lamlungu.

Paja tinkati Bambo anathawira ku chinyumba cha mipando yofewa. Ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali, masitepe ake opapatiza, fungo la penti likulowera pawindo. Wailesi ya Bambo ija ili pashelefu, mlongoti wake womangidwa ndi waya monga kale. Anandipatsa tiyi, ine n'kuyamba mafunso monga tinaphunzirira: jeketelo amalisunga pati, amalichapa bwanji, linang'ambikapo pati. Mafunso amenewa ndi amene anandigwira kuti ndisalire. Anati salichapa kawirikawiri poopa kuti nsalu yatha mphamvu, amangolipukuta ndi bulashi n'kuliyanika pamthunzi. Anati miyezi yomaliza Bambo ankangomva kuzizidwa, ndipo ankalivala ngakhale pabedi la kuchipatala, anamwino n'kumakangana nawo.

Za batani ndinaopa kufunsa, koma anayamba okha. Akuti atangoyamba kukhalira limodzi anagula mabatani atsopano ofanana kuti asinthe onse. Bambo atawapeza ndi lumo m'manja anakalipa, ndipo aka kanali koyamba ndi komaliza kuwakwezera mawu. Anati batanilo asaligwire, analiika ndi mayi wa ana awo.

"Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndatenga theka la munthu," anatero mayiwo. "Ndinavomera. Ndipo chimene ndinalakwira mayi ako ndimachidziwa, sindikupempha kuti uchichepetse polemba."

Anakumbukiranso tsiku limene munapita kukatenga katundu wa Bambo maliro atatha. Akuti anakupatsani zovala zonse, koma jeketelo anabisa, n'kukuuzani kuti linasowa kuchipatala. Chifukwa chobisira jeketelo chinalowa pakhomo tikucheza, chikuchokera kosewera. Ndi kamtsikana, kangoyamba kumene sukulu. Masiku amenewo sikankagona popanda kufunditsidwa jeketelo. Achimwene, tinkadziwa tonse kuti kuli mwana, koma kudziwa ndi kwina, kuona ndi kwina. Ali ndi mpata wa mano ngati wanu, ndipo amagwira kapu ndi dzanja lamanzere.

Nkhani ndinalemba, koma ine mwini ndinadzichotsamo. Ndinalemba ngati mayiwo ndangokumana nawo mwangozi. A Lumo anandiitanira ku ofesi yawo, pepala langa lili patebulo lopanda inki yofiira ngakhale dontho, chinthu chimene chinandiopsa kuposa kale. Anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti batanilo linachokera pa siketi, pomwe m'nkhani monse palibe amene wandiuza zimenezo. Ndinaulula zonse. Anavula magalasi n'kunena kuti wowerenga sanamizidwa: ngati jeketelo ndi la bambo anga, nkhaniyo inene choncho. Anawonjezera kuti ndisadzalembe za munthu chimene sindingathe kumuwerengera pamaso pake.

Ndinailembanso, ndipo kulemba kwachiwiriku kunandipweteka kuposa mayeso onse. Munalowa Amayi akusoka pakhonde, munalowa inu, ndinalowamo ine. Ndinakhoza kuposa onse m'kalasi, ndipo yasankhidwa kuti ituluke m'magazini ya ophunzira teremu ikubwerayi. Mayina mulibe, koma aliyense wotidziwa adzatizindikira. Mayi aja ndinawawerengera kale. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupempha kuti ndichotse ndime yofotokoza nkhope ya mwana, ndipo ndinachotsa. Anadandaulanso kuti ndawalemba ngati wamfupi kwambiri, koma pamenepo ndinakana, chifukwa ndi amfupidi.

Kwatsala inu ndi Amayi. Ndawauza a Lumo kuti asaitumize kosindikiza mpaka nonse awiri mutaimva. Ndaika kope lake muenvulopu yomweyi. Mukakana, siituluka, ndipo sindidzakusungirani mangawa. Malikisi ndapeza kale, ndipo nkhani zina ndidzalemba.

Pali china chimene sindikufuna mudzamve kwa anthu. Ntchito ya kusukulu itatha sindinaleke kupitako. Malamlungu angapo ndakhala ndikukwera masitepe aja, kukathandiza mwanayo kuwerenga ndi kumuluka tsitsi. Musaganize kuti ndaiwala. Ndikukumbukira mmene Amayi anaondera chaka chimene chija, mpaka masiketi ankawamanga ndi pini. Ndikukumbukira kuti inu munasiya sukulu n'kupita kutali kukagwira ntchito kuti ine ndifike pamene ndili. Mkwiyo wanu munaugula modula, ndipo si ine wokuuzani kuti muutaye. Nanenso pali masiku amene ndimafika pansi pa masitepewo n'kubwerera. Koma mwanayo sanalande munthu kanthu, ndipo amafunsa za Bambo zinthu zimene mayi ake sazidziwa, monga nyimbo imene ankaimba pometa ndevu.

Pempho langa ndi limodzi. Tchuthi chino yesetsani kupempha masiku kuntchito mubwere kunyumba, kuti nkhaniyi tikawawerengere Amayi tili awiri. Ndekha mawu akandithera pakati. Sindikudziwa ngati akalira, akakwiya, kapena akafuna kumva kawiri mawu aja a batani. Inu mumawadziwa kuposa ine, ndipo mukadzati tidikire, ndidzadikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu imene anandipatsa ndinasoketsa siketi ndipo a Lumo omwe anaigwira n'kugwedeza mutu movomereza. Ana muwapsompsone, wamkuluyo asaleke kujambula. Inuyo muzimwa mankhwala a msana, musamadikire kuti alamu akukumbutseni.

Palinso moni wina umene ndatumidwa. Lamlungu lapitali kamtsikana kaja kanandifunsa ngati ndili ndi mchimwene. Nditavomera, kanaganiza pang'ono n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti ndi wanganso?" Ndinati inde, ndisanakufunseni, ndipo mundikhululukire ngati ndinafulumira. Akuti ndikupatseni moni, ndiponso ndikufunseni ngati mumatha kukonza tcheni cha njinga. Moniwo ndapereka monga ananditumira. Lamlungu likubwerali ndikukatsanzika, ndipo akakandifunsa ngati mwayankha, ndikamuuza kuti kwanu n'kutali, makalata amachedwa panjira.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mlongo wanu wokukondani,

Mzime
(dzina la mwana womalizali mundilole ndilisungebe mpaka mutandiyankha)