Ndayeretsa makorali a mkazi wanga

Aphungu,

Ndine telala, ndipo zandivuta. Mkazi wanga ali ndi kathanki kagalasi pabalaza, pafupi ndi mashini anga osokera. Muli madzi amchere, tinsomba tiwiri ndi makorali asanu, tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati maluwa amwala. Wawalera zaka zitatu, ndipo loyambalo anamupatsa ndi malemu mchimwene wake. Popita ku maphunziro a mwezi umodzi anandiuza kuti, "Bambo, muzingodyetsa nsomba. Zinazo musakhudze."

Koma nyali ya pathankipo inali yofooka, munthu osaona ndi bowo la singano lomwe. Ndinagula yamphamvu, n'kumaiyatsa mpaka pothera mphamvu yake tsiku lonse. Patapita masiku anayi makorali aja, omwe anali abulauni, anayamba kuyera. Ndinakondwa, ndinati litsiro likuchoka, ndiye ndinaitsitsanso nyaliyo kufupi ndi madzi. Dzulo ndinakaonetsa chithunzi kwa wogulitsa nsomba zoweta, iye n'kugwira pakamwa. Akuti, "Achimwene, uku si kuyera, n'kufa."

Mkazi wanga akubwera Loweruka ndipo mtima suli m'malo. Kodi ndigule ena ofanana ndiikemo mwakachetechete?

T.N., kuseri kwa msika

A T.N.,

Mwagwira ntchito, bambo. Zaka zitatu akazi anu akuweta litsiro osadziwa, mpaka atelala kubwera kudzachapa.

Bulauni munkanyansidwa nayeyo ndi tindere tokhala m'thupi mwa korali, ndipo ndi timene timalidyetsa. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, korali limatitaya n'kuyamba kufa ndi njala. Inuyo mutatuluka m'chipinda chamdima wina n'kukuunikani tochi m'maso, simungathokoze.

Lero lomwe kwezani nyaliyo m'mwamba, muichepetse mphamvu ifanane ndi yakale ija, kapena kucheperapo. Ngati ilibe pochepetsera, yalani neti pamwamba pa thanki, magawo atatu osanjikiza. Kudula nsalu ndiye mumatha, pamenepo sindikuphunzitsani. Nyaliyo isamayake kupitirira maola asanu ndi limodzi, ndipo makorali oyera kwambiri muwatsitsire pansi pamthunzi wa miyala. Musathiremo mankhwala, musakhuthule madzi onse, komanso chonde musawakweche ndi mswachi, chifukwa ndikuona maganizo amenewo akubwera.

Kenako yang'anitsitsani. Ngati pamwalapo pakadali kamnofu kofewa, korali lili moyo, ndipo mtundu ukhoza kubwerera pakatha milungu kapena miyezi. Likayamba kuderanso m'pamene mungachotse gawo limodzi la neti, n'kudikira sabata yathunthu musanachotse lina. Korali likakwinyika, bwezerani gawolo.

Tsono za kugula ena zija, nzeru yakuya kwabasi. Munthu amene amawerama pagalasi limenelo m'mawa uliwonse, wodziwa nthambi iliyonse ya mphatso ya mchimwene wake, inu mukuti sazindikira? Azindikira asanatule chikwama.

Ndikudziwa kuti munkafuna kuwasangalatsa, ndipo ndakumverani chisoni ndithu. Koma aimbireni foni lero, musadikire Loweruka. Nenani zimene munachita mosazungulira, muwatumizire chithunzi, muwafunse chochita, poti mwini thanki amadziwa kuposa inu ndi ine. Akalira, musayambe kufotokoza za ubwino wa nyali yatsopano.

Korali loyera limachira nthawi zina. Koma akakugwirani mutawaikira lachilendo, tsiku lina mudzawauza zoona n'kuona akuyamba afunsa kaye kwa aneba.