Chipewa cha Mawaya pa Mutu wa Wezi

Champhira, Mzimba
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Ben,

Ku Joniko muvine ndithu: amayi sakuchokanso pamudzi!

Paja chiyambireni mng'ono wanu Wezi kumva mawu a anthu osaoneka, abambo aakulu a Zondwayo anakakamira kuti amayi ndiwo anamulodza, abwerere kwawo. Ng'oma za vimbuza zinalira kawiri konse, osaphula kanthu.

Lachiwiri la sabata yatha tinapita naye kuchipatala ku Mzuzu, a Zondwayo ali pambuyo, ati akaone bodza lathu. Achipatala anamuveka Wezi chipewa cha mawaya, timizere n'kumakwera ndi kutsika pakanema. Adokotala, mayi Nasreen, anati amenewo ndi magetsi a mu ubongo. Anati timizereto patokha sititchula matenda, koma nthenda ya maganizo yotereyi imatha kuyenda m'magazi. Zotengera kwa makolo zikasiyana pang'ono, magetsiwo amathanso kuyenda mosiyana. Kenako anafunsa mbiri ya banja lathu.

Mukuwadziwa a Zondwayo pa nkhani ya mtundu. Anakonza jekete, n'kuyamba kutchula makolo kuchokera kwa amene anawoloka Zambezi, osalumpha ngakhale mmodzi.

"Mbwenu panali ang'ono awo a agogo, ankayankhula okha kudambo. Alongo awo chimodzimodzi."

"Adada," ndinatero ine, "nanga amenewo anawalodzanso amama?"

"Iwe, nthawi imeneyo amako anali asanabadwe n'komwe!"

Atadzimva okha, anangoti kukamwa yasa. Adokotala anawatonthoza kuti palibe wolakwa, ngakhale makolowo, koma ine mumtima ndinali kululutira. Dzulo a Zondwayo anabwera ndi tambala kukhwapa kudzapepesa amayi. Amayi anangoti, "Yewo."

Tsopano ndiulule, ndipo manyazi andigwira. Inenso ndinawakayikira amayi. Miyezi itatu ndinkataya mobisa chakudya chimene ankamupakulira Wezi, n'kumupatsa changa. Nditagwada kupepesa anaseka.

"Ndinkadziwa, mwana wanga. Agalu ananenepa chomene."

Ndinalira ngati mwana.

Wezi akumwa mankhwala. Sanachire, ndisakunamizeni, koma akugona bwino ndipo wayambanso kuthirira tomato kudimba. Amayi akupereka moni, akumasula katundu amene anamanga kale. Wezi walanda cholembera, akuti moni wake alemba yekha m'munsimu.

Ndine mlongo wanu,
Kezia

Achimwene, ndine Wezi. Lero chim'mawa mawu amene andiitana ndi a amama okha. Ndayankha, ndipo ndadya.